Chigumu, malva ndi masikono: kuphika zotsekemera m'kachipinda ka ku Joni

Keke yanga yoyamba kuno ku Joni inandichititsa manyazi pamaso pa alendo. Ndinali nditangotha miyezi itatu ku Rosettenville, m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni, ndipo mwana wa achemwali anga ankakwanitsa zaka 5. Ndinayeza zonse monga ndinkachitira kwathu ku Salima, kumene keke zanga zinkadyedwa pa zinkhoswe anthu n'kumafunsana kuti waphika ndani. Mu uvuni inafufuma mpaka kusefukira m'chitini, ine kumwetulira. Nditangoitulutsa inaphwa pakati, n'kusiya dzenje loti mungathiremo ndiwo. Ndinanamizira ufa, ndinanamizira sitovu ya alandilodi, ndipo alamu anga anati luso langa ndinalisiya pa chipata cha Mwanza.

Wolakwa anali mtunda. Johannesburg ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ya Malawi sifika n'komwe pa mamita 500, ndipo Lilongwe ndi Blantyre zangopitirira pang'ono 1,000. Kumtunda chotere mpweya ndi wopepuka, ndiye timathovu timene soda kapena baking powder amapanga m'kati mwa keke timakula msanga, keke n'kufufuma isanalimbe, kenako n'kugwa. Madzinso amawira msanga, pa madigiri pafupifupi 94 m'malo mwa 100, choncho zophika zimauma mofulumira, makamaka mu June ndi July pamene kunja kuli gwa. Wochokera ku Dedza sadabwa kwambiri ndi zimenezi, koma ife a kunyanja ndi a ku Chigwa cha Shire timayamba talira.

Mankhwala ake ndi aang'ono. Pamene malangizo akunena supuni yaing'ono imodzi ya baking powder, chotsaniko gawo limodzi mwa magawo anayi. Pa kapu iliyonse ya shuga chotsani supuni yaikulu imodzi, pa kapu iliyonse ya mkaka onjezani masupuni aakulu awiri, ndipo uvuni muukweze ndi madigiri 10. Muzichita zimenezi makamaka ndi malangizo otola pa foni olembedwa ndi anthu a ku Durban, Cape Town kapena London, amene amakhala m'mphepete mwa nyanja. Kapu ndikunena pano ndi ya 250 ml, supuni yaikulu 15 ml, yaing'ono 5 ml. Gulani zoyezera zenizeni, abale, kapu ya tiyi ya adona ndi yanu sizifanana.

Tiyambe ndi chathu. Chigumu, ena amati chikondamoyo, sichinabadwire mu uvuni. Amayi athu ankasinja nthochi zakupsa, kusakaniza ndi mgaiwa, soda ndi mchere pang'ono, kuyala masamba a nthochi m'poto, n'kuika makala pansi ndi ena pa chivindikiro. Vuto kuno ndi ufa. White Star, Iwisa ndi Ace ndi ufa woyeretsedwa, wochotsedwa gaga ndi mtima wa chimanga momwe mumakhala mafuta, ndipo ndi wamiseremisere. Mukauphika monga mgaiwa, chigumu chimatuluka chouma, chonyenyeka ngati dothi la chilimwe. Ine ndimatere: makapu 2 a ufa wa chimanga ndimawaviika m'kapu imodzi ndi theka ya chambiko kwa mphindi 20 kuti ufewe. Chambiko kuno amati amasi kapena maas, chili m'sitolo iliyonse. Kenako ndimathiramo nthochi 4 zosinja, dzira limodzi, theka la kapu ya shuga, masupuni aakulu 4 a mafuta ophikira, ndipo pomaliza kapu imodzi ya fulawa yosefera pamodzi ndi soda wosadzaza supuni yaing'ono ndi kamchere. Fulawayo agogo akanaikana, koma ndi imene imagwira chigumu kuti chidulike bwino. Mu uvuni wa madigiri 190 chimapsa pa mphindi 40 kapena 45. Bayani mpeni pakati, ukatuluka woyera chapsa.

Nthochi za m'masitolo akuluakulu zimagulitsidwa zisanapse bwino ndipo sizinunkhira ngati sukari kapena makumbuka a kwathu. Funani zamathothomathotho akuda zimene ogulitsa m'misewu ya Yeoville ndi Mayfair amatsitsa mtengo madzulo. Kwa iwo n'zotaya, kwa ife ndiye zenizeni.

Amene mulibe uvuni, poto wokhuthala pansi amagwira ntchito pa sitovu ya mapuleti awiri: moto wochepetsetsa, chivindikiro chothina, ndipo chikalimba muchitembenuze pa mbale n'kuchibwezeramo kuti mbali inayo ipse. Mbaula, imene anzathu a Chizulu amaitcha imbawula, ndiyo imatulutsa chigumu chokoma koposa, koma ikhale panja. Musailowetse m'chipinda chotseka ati kuti muwothe pamene chigumu chikupsa. Mpweya wa makala sununkha, umagonetsa tulo tosadzuka, ndipo nyengo yozizira iliyonse kuno umatenga anthu.

Tsopano za eni dziko, zimene ambiri a ife ogwira ntchito za m'nyumba timauzidwa kuti tiphike popanda wotilongosolera. Ambiri mwa maphikidwe amenewa anayambira ku Cape, kumene Jan van Riebeeck anafika mu 1652 kudzatsegula malo opumira zombo za kampani ya Adatchi yochita malonda ndi maiko a kum'mawa. Adatchi anabwera ndi chizolowezi cha mkaka, batala ndi mazira. Zonunkhiritsa monga sinamoni zinkadutsa pa zombo kuchokera ku Ceylon, ndipo m'makhitchini ambiri ophika anali akapolo ogwidwa ku Indonesia, India, Madagascar ndi Mozambique kuyambira mu 1658. Mukamawaza sinamoni pa melktert (chotsekemera cha mkaka ndi mazira) ya abwana, dziwani kuti manja ogwira ntchito m'khitchini ya eni akhala akuchita zimenezo kwa zaka zoposa 300.

Malva pudding, keke yofewa yothiridwa msuzi wotsekemera, ndiye mfumu ya patebulo Lamlungu. Dzina lake ndi la Chiafrikaans, liwu limene amatchulira maluwa ena a m'munda, koma m'kati mwake mulibe duwa. Chinsinsi chake ndi jamu wa apricot, viniga ndi soda. Wowawasa wa viniga ukakumana ndi soda umatulutsa thovu, ndipo pudding imakhala ya timabowo ngati siponji, yokonzeka kumwa msuzi. Menyani dzira limodzi ndi kapu ya shuga mpaka ziyere, thiranimo supuni yaikulu ya jamu. Sungunulani supuni yaikulu ya batala, muisakanize ndi supuni yaing'ono ya viniga ndi kapu ya mkaka. Sefani kapu ya fulawa ndi supuni yaing'ono ya soda, yoperewera pang'ono chifukwa cha mtunda uja, ndi kamchere. Phatikizani zonse. Zidzaoneka zamadzimadzi ngati phala la mwana, musaope ndipo musawonjezere ufa. Thirani m'mbale ya uvuni yopaka batala, vindikirani ndi foil, madigiri 180, mphindi 45. Musatsegule uvuni mphindi 30 zisanakwane. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Msuzi wake ndi kapu ya kirimu, magalamu 125 a batala, theka la kapu ya shuga ndi theka la kapu ya madzi otentha, kutenthetsa pamodzi mpaka shuga asungunuke. Kirimu akadula, chitini cha mkaka wa Ideal chimalowa m'malo mwake bwinobwino. Apa ndi pamene ambiri timaphonya: pudding ikhale yotentha, msuzi ukhale wotentha. Ibayeni ndi foloko paliponse itangotuluka, thirani msuzi pang'onopang'ono mpaka wonse ulowe. Mukadikira kuti izizire, msuzi umangoyandama pamwamba, pansi pali pouma. Amaidya ndi kasitadi, ndipo kasitadi waufa uja ali ndi mbiri yosangalatsa. Anamupanga ndi Alfred Bird wa ku Birmingham mu 1837 chifukwa mkazi wake mazira ankamudwalitsa, ndipo mu 1843 bambo yemweyo anapanga baking powder popeza yisiti nayo sinkamuyanja mayiyo. Mwamuna wotere amafunika kumuombera m'manja.

Melktert ndi yosavuta kuposa mmene imaonekera, ndipo ili ndi tsiku lake, 27 February. Yachikale amaiphika mu uvuni, koma ilipo ya pa sitovu imene imapulumutsa mayunitsi a magetsi. Phwanyani paketi ya mabisiketi a Tennis, musakanize ndi magalamu 100 a batala wosungunula, mutsendere pansi pa mbale yaikulu. Wiritsani lita ya mkaka ndi supuni ya batala. Pambali menyani mazira 3, shuga wosadzaza kapu, masupuni aakulu 3 a fulawa ndi 3 a Maizena (ufa wosalala wa chimanga wolimbitsira zophika), ndi vanila pang'ono. Tapani mkaka wotentha chipande chimodzi muthire m'mazira mukuvundula, kenako bwezerani zonse m'poto pa moto wochepa. Mukangothira mazira ozizira mu mkaka wowira mudzadya mazira okazinga otsekemera. Vundulani ndi mthiko osaleka, monga pokonza phala la nsima, mpaka zilimbe ndi kuyamba kuphulika. Thirani pa mabisiketi aja, wazani sinamoni, ndipo igone mu firiji maola osachepera 4. Tsiku limene magetsi akuzimazima musaiphike, chifukwa mkaka ndi mazira sizichedwa kuwonongeka kukatentha.

Koeksisters ndimagula, sindibisa. Zolukaluka za Maburu zija zimafuna kuzitulutsa m'mafuta otentha n'kuziponya m'madzi a shuga ozizira kwambiri, mbale ziwiri zikusinthana mu firiji, ndipo m'kachipinda kamodzi ndi ana ntchito imeneyo ndi yoopsa. Za Asilamu a ku Bo-Kaap mu mzinda wa Cape Town, zotchedwa koesisters, ndi zina: zofewa, zonunkhira sinamoni ndi jinja, zogubuduza mu kokonati, zodya Lamlungu m'mawa. Zimenezo zili pafupi ndi mandasi athu, monganso amagwinya a m'misewu muno. Palinso timakeke ta jamu ndi kokonati totchedwa hertzoggies, dzina lochokera kwa J.B.M. Hertzog, nduna yaikulu ya dziko lino kuyambira 1924 mpaka 1939. Boma lake linapatsa amayi ufulu wovota mu 1930, koma achizungu okha, ndipo amayi a ku Cape amene anasiyidwa anayamba kupaka timakeketo mitundu iwiri n'kumatitcha "wankhope ziwiri". Ndale mpaka m'chitini cha makeke.

Chimene chimabweretsa ndalama ndi sikono. Kwawo ndi ku Scotland, kumene kunachokera amishoni a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876, ndipo ife tinaizolowera mpaka dzina linasanduka lathu. Kuno ku Soweto, Tembisa ndi Alexandra palibe maliro, ukwati kapena mwambo wovundukula chiliza wopanda masikono, ndipo amawaitanitsa pa ndowa: ya malita 5, ya 10, ya 20. Sefani makapu 4 a fulawa ndi masupuni aang'ono 5 a baking powder ndi kamchere, fikisanimo magalamu 125 a majarini wa Stork kapena Rama wozizira ndi nsonga za zala mpaka zioneke ngati zinyenyeswa za buledi, onjezani theka la kapu ya shuga, mazira 2 ndi kapu ya chambiko. Musakande ngati mandasi. Ingosonkhanitsani, tambasulani mokhuthala ngati zala ziwiri, dulani ndi kapu osapotokola, pakani dzira pamwamba, madigiri 200, mphindi 15. Dzanja lolemera limatulutsa miyala. Dziwaninso kuti makasitomala a kuno amakonda otsekemera ndi amafuta kuposa a kwathu, ndiye funsani kaye musanaphike ndowa yonse.

Poika mtengo musaiwale magetsi. Onani mayunitsi pa mita musanayatse uvuni ndi mutazimitsa, muwerengere pamodzi ndi fulawa, ndowa ndi ya thiransipoti. Ine ndinagulitsa miyezi iwiri ndikudzitama, kenako n'kuzindikira kuti phindu lonse limathera pa mita. Fulawa ya Snowflake kapena Golden Cloud imatsika mtengo mukagula thumba la makilogalamu 10 kapena 12.5, ndipo zitini ndi zonunkhiritsa zimapezeka ku Oriental Plaza ku Fordsburg.

Ogulitsa chakudya amafunika chiphaso cha zaukhondo chotchedwa Certificate of Acceptability, chimene chimaperekedwa ndi a zaumoyo a khonsolo ya mzinda potsatira malamulo a R638 a 2018. Chiyambire imfa za ana 6 ku Naledi, Soweto, mu October 2024, amene anapezeka kuti anafa ndi mankhwala ophera tizilombo otchedwa terbufos, akuluakulu akhwimitsa zinthu, ndipo mlendo wogulitsa chakudya ndi amene amayang'anidwa poyamba. Mankhwala a makoswe ogula m'timapepala pamsewu asalowe m'chipinda chimene mumasungiramo ufa. Fulawa ndi shuga zikhale m'ndowa zotseka, pamwamba, osati pansi pa bedi. Masikono azizire kaye musanawatsekere, apo ayi amachita thukuta n'kuchita nkhungu pofika tsiku lachitatu. Ndipo ngati oda ili ya malva, msuzi unyamuleni padera m'botolo, mukatenthetse zonse ziwiri n'kuthirira komweko, chifukwa minibasi ya pa siteji ya Bree ikangogunda bampu msuziwo umathera pa chitenje chanu.