Mmene tingachepetsere majarini ndi mafuta oipa pakhomo

Musanagule majarini, tembenuzani kontena muwerenge zolembedwa kumbuyo. Mukaona mawu akuti "partially hydrogenated", ibwezeni pa shelefu. Amenewo ndi mafuta a zomera amene anawaumitsa kufakitale, ndipo amachulukitsa kolesterolo (mtundu wa mafuta a m'thupi) woipa m'magazi, kwinaku akuchepetsa wabwino. Mapeto ake mitsempha imatsekeka, mtima n'kuyamba kuvutika. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mafuta a mtundu umenewu asamapitirire magalamu 2.2 patsiku kwa munthu wamkulu. Majarini ofewa a m'kontena nthawi zambiri ndi abwinoko kusiyana ndi olimba okulunga papepala.

Kwathu ku Kawale, buledi wa ana ndimapaka chiponde, ndipo nyengo ya mapeyala timangofinya peyala n'kuwaza kamchere. Chisoso ndi nkhwani ndimatendera nsinjiro. Mtedza ndimagula wosankha bwino, wopanda chuku, chifukwa wovunda uli ndi poizoni woononga chiwindi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mafuta okazingira mobwerezabwereza. Mukaima pachiwaya kudepoti, yang'anani kaye mafutawo. Akakhala akuda bii, akuchita thovu, akutulutsa utsi woyabwa m'maso, tchipisi chimenecho chisiyeni. Ndikudziwa kuti mafuta adula, amayi anzanga, ndipo kutaya kumapweteka mtima. Choncho thirani ochepa ndi sipuni m'malo mokhuthula botolo, musawasiye pamoto mpaka kufuka, ndipo otsala pokazinga mandasi asefeni n'kuwamalizira mundiwo tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Mabisiketi ndi makeke a m'golosale akhale a apo ndi apo. Ana akamapita kusukulu, apatseni mbatata yophika kapena nthochi.