Mmene ndinathetsera chisokonezo cha madontho a dripi

Mu wodi mwathu anamwino awiri ankatha kuwerengera mwana mmodzi yemweyo madzi a dripi, mayankho n'kusiyana. Nditafufuza ndinapeza kuti chisokonezo chachikulu chinali posandutsa mamililita kukhala madontho.

Ndinalemba kakhadi n'kupachika pa sitandi ya dripi iliyonse. Kwa mwana ndinaikapo lamulo la 4-2-1, lochokera ku njira ya madokotala a ana Holliday ndi Segar ya 1957: makilogalamu 10 oyamba, 4 ml pa kilogalamu pa ola, 10 otsatira, 2 ml, otsalawo, 1 ml. Mwana wa makilogalamu 24 amalandira 40 + 20 + 4, ndiye 64 ml pa ola.

Pamene ndinatsindika kwambiri ndi pa chubu. Burette ya ana, yomwe ndi chubu cha dripi chokhala ndi kabotolo koyezera madzi, imatulutsa madontho 60 pa mililita, choncho 64 ml pa ola ndi madontho 64 pa mphindi. Chubu cha akuluakulu cha madontho 20 chimafuna kugawa ndi 3, madontho pafupifupi 21. Mukawerenga 64 pa chubu chimenechi, mwana walandira madzi ochuluka katatu, ndipo angathe kutupa n'kuyamba kubanika. Chonde, yambani mwaona nambala ya madontho yolembedwa pa paketi ya chubu.

Munthu wamkulu ndinamulembera 25 mpaka 30 ml pa kilogalamu pa tsiku. Wa makilogalamu 70 ndiye 1,750 mpaka 2,100 ml.

Pansi pa khadilo ndinawonjezera kuti makanda obadwa kumene, ana onyentchera, otha madzi m'thupi ndi odwala mtima kapena impso awerengeredwe mwapadera ndi dokotala.