Mukamaphunzira za p53, yambirani pamene DNA yaduka

Ophunzira ambiri amaloweza mayina a mapuloteni oimitsa kugawikana kwa maselo popanda dongosolo, ndipo n'chifukwa chake mayeso akafika amawasokoneza. Langizo langa ndi lakuti mujambule nkhaniyi papepala motsatira mmene zinthu zimachitikira m'selo.

Yambani ndi pamene DNA yaduka tizingwe take tonse tiwiri, mwachitsanzo chifukwa cha cheza cha X-ray. Puloteni ya ATM imazindikira vutoli n'kuika fosifeti (kachizindikiro kakang'ono ka kemikolo) pa p53, puloteni yomwe imaimitsa kugawikana kwa selo DNA ikawonongeka. Apa ndi pofunika kuchedwapo, pakuti p53 imapangidwa nthawi zonse m'selo lathanzi, koma puloteni ina yotchedwa MDM2 imachititsa kuti iphwanyidwe msanga. Fosifeti ija ikaikidwa, MDM2 imalephera kuigwira, ndipo p53 imachuluka. Ikachuluka imachititsa selo kupanga puloteni ya p21, yomwe imatsekereza CDK2, puloteni yothandiza selo kuyamba kukopera DNA, motero selo limaima m'gawo la G1 (gawo loyamba pokonzekera kugawikana) lisanakopere DNA yowonongekayo. Ngati kukonza kwalephereka, p53 yomweyo imatha kulamula selo kuti life.

Kenaka fufutani p53 pachojambula chanucho, muone chimene chatsala kuti chiimitse selo. Mudzamvetsa chifukwa chake jini ya TP53, yomwe ili ndi malangizo opangira p53, imapezeka itasintha pa pafupifupi theka la matenda a khansa mwa anthu.