Momwe mungadziwire ngati magetsi a galimoto yanu ayakadi

Tsiku lina madzulo ndikuchokera ku Chitungwiza, tauni ya pafupi ndi Harare ku Zimbabwe, pa Seke Road, mvula ikukhuthuka, ndinatsala pang'ono kugunda galimoto yakuda yomwe inali patsogolo panga. Kumbuyo kwake kunali bii. Nditaipitirira ndinaona timagetsi toyera tikuwala kutsogolo kwake, mwini wake ali phee pachiwongolero, akuganiza kuti zonse zili bwino.

Timagetsi timeneti ndi ta masana, pachingerezi amati DRL. Timayaka tokha injini ikangolira, ndipo ntchito yake ndi yoti ena akuoneni, osati kukuunikirani msewu. Nkhaniyi inayambira kumayiko a mdima wambiri: dziko la Sweden linalamula kuyatsa magetsi masana mu 1977, ndipo ku European Union mitundu yatsopano ya galimoto imayenera kukhala ndi DRL kuyambira mu 2011. Vuto lake ndi loti pa galimoto zambiri timayaka kutsogolo kokha. Pamenepo dashibodi imakhala ikuwalanso, ndiye munthu amapusitsika.

Choyamba, pezani poyatsira. Pa galimoto zochokera ku Japan zomwe zadzaza mu Harare muno, monga Honda Fit ndi Toyota Aqua, pamakhala pa kandodo ka kudzanja lamanja kwa chiwongolero, komweko ka indiketa. Pa za ku Ulaya zambiri ndi kachitsulo kozungulira pa dashibodi. Ngati palembedwa AUTO, ikani pomwepo. Ngati palibe, galimoto yanu siyatsa yokha, musaidikire.

Kenako funani sensa. Ndi kanthu kakang'ono ngati batani la jekete, kamakhala pamwamba pa dashibodi kufupi ndi galasi lakutsogolo, kapena kuseri kwa galasi loonera kumbuyo. Kamayeza kuwala kwa kunja, kukachepa kamauza kompyuta ya galimoto kuti iyatse magetsi akuluakulu ndi ofiira akumbuyo. Apa ndi pomwe ambiri timadzipweteka tokha. Timayala nsalu pa dashibodi kuopa dzuwa la mu Okutobala, ena amaikapo chipewa, ena mapepala a msonkho. Sensa ikaphimbika imaona ngati ndi usiku, ndiye magetsi amangoyaka masana onse, munthu n'kuthamangira kwa makaniko pa nkhani yongosuntha nsalu.

Tsopano yesani. Imikani galimoto panja masana, injini ikulira, pa AUTO. Phimbani sensa ndi nsalu yokhuthala. Dikirani kamphindi, chifukwa anaipanga kuti isamafulumire, kuopera kuti ingamayatse ndi kuzimitsa mukangodutsa pansi pa mitengo ya jakaranda ya ku Avenues, dera la mu Harare. Pa dashibodi payenera kuoneka kachizindikiro kobiriwira. Kabuluu ndi ka magetsi a fulu, kameneko musakasiye kakuyaka mukamakumana ndi anzanu. Tsikani, zungulirani galimoto, muone ndi maso anu: kutsogolo, kumbuyo, ndi kagetsi ka pa nambala. Chotsani nsalu, azime okha. Dziwaninso kuti pa galimoto zina DRL siyaka mpaka mutatsitsa handibuleki, ndiye pamenepo pemphani wina akuonereni inu muli mkati, phazi lili pa buleki.

Chomaliza n'chimene ndimakangana nacho ndi anzanga. Sensa imadziwa kuwala basi. Mvula ya masana mu Januwale, nkhungu ya m'mawa mu Juni, utsi wa moto wolusa m'mbali mwa Bulawayo Road, zonsezi zikhoza kukubisani kunja kukadali kowala mokwanira moti sensa siyatsa kanthu. Zikatero chotsani pa AUTO muyatse nokha magetsi a dimu. Ine ndinazolowera kuti ndikangoyatsa mawaipa, dzanja lipitenso ku magetsi. Mukafika kunyumba bwezerani pa AUTO, apo ayi galimoto zina zimasiya magetsi akuyaka mpaka batire kutha, m'mawa n'kumapempha ana a aneba kuti akukankheni.