Mmene Ndinalekanitsira Malire a Lamulo ndi Mpata Weniweni pa Mapu

Ntchito yanga ndi yokonzera malole njira pakati pa Limbe, Makata ndi Chirimba, ndipo ndimadalira OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense angathe kulembamo ndi kuwakonza. Tsiku lina dalaivala wathu, yemwe ananyamula thanki yamadzi, anaima pafupi ndi mlatho wina n'kundiimbira kuti: "Bwana, pano sindidutsa, katunduyu agunda." Mapu ankaonetsa kuti angathe kudutsa, chifukwa ineyo ndinali nditakopera pa mapuwo nambala ya pachikwangwani choonetsa kutalika kololedwa kudutsa kunsi kwa mlathowo, popanda kuyeza.

Cholakwika chinali kusakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Nambala ya pachikwangwani ndi malire a lamulo, ndipo pa mapuwo imalembedwa pamalo otchedwa maxheight, pamene mpata weniweni wochokera pa phula kufika kunsi kwa mlatho uli ndi malo ake, maxheight:physical. Kawirikawiri chikwangwani chimasiya kampata kodzitetezera, koma pamalopa msewu unathiridwa phula lina pamwamba pa lakale, motero mpata unachepa chikwangwanicho chili chomwecho.

Lamlungu m'mamawa, magalimoto asanachuluke, ndinapita ndi nsungwi yaitali ndi tepi. Ndinayeza pakati ndiponso m'mbali zonse ziwiri, pakuti msewu umatukuka pakati kuti madzi azitsetsereka, ndipo ndinatenga muyezo wochepetsetsa. Sindinafufute nambala ya lamulo, chifukwa si ine woisintha; ndinangowonjezera ya mpata weniweni m'mamita, pamodzi ndi tsiku loyezera. Tsopano ndisanatumize lole ndimayerekeza kutalika kwa katundu ndi nambala yaing'ono mwa ziwirizo.