Momwe mungakonzere umwini ndi zilolezo pa foda ya ofesi yonse

Maofesi ena pa Kasungu boma, kaya a makopaletivu a alimi a soya ndi fodya kaya sukulu zapulayiveti, amasunga mafayilo pa kompyuta imodzi, ena onse n'kumawatsegula kudzera pa netiweki. Kompyutayo ikhale ya Windows Pro, ndipo dziwani kuti imalola makina 20 okha kulumikizika nthawi imodzi. Pogula disiki khalani tcheru: pali ena amakugulitsani yakale m'bokosi latsopano, mtengo wake wa yatsopano. Iyeseni ndi pulogalamu yoyezera madisiki ya CrystalDiskInfo musanalipire, idzakuonetsani maola amene yagwira kale ntchito.

Yambani ndi kupanga magulu mu lusrmgr.msc, chida cha Windows choyendetsera maakawunti ndi magulu, monga gulu la Zachuma ndi gulu la Onse, muikemo anthu. Chilolezo chizipita ku gulu, osati kwa munthu.

Povuta ndi pa umwini. Pa NTFS, njira imene Windows imasungira mafayilo pa disiki, foda iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo amatha kusintha zilolezo ngakhale atachotsedwa pamndandanda wa ololedwa. Kuofesi kwathu, mnyamata amene anatiikira makina anapanga mafoda onse ndi akawunti yake, kenako anasiya ntchito. Akawuntiyo itafufutidwa, pa Owner, pomwe pamaonetsa mwini, panangotsala nambala yaitali yoyamba ndi S-1-5-21, ndipo mayi wa zachuma anakanika kutsegula foda ya malipiro mwezi ukutha, antchito akudikira. Kupanganso akawunti ya dzina lomwelo sikuthandiza, chifukwa Windows imadziwa munthu ndi nambala imeneyi, dzina ilibe nalo ntchito.

Kuti mukonze umwini, lowani ngati administrator, akawunti yolamulira kompyuta yonse, pitani pa Properties ya fodayo, Security, Advanced, musinthe Owner akhale gulu la Administrators. Musaiwale kuchonga Replace owner on subcontainers and objects, apo ayi mafoda amkati atsalabe kwa mwini wakale. Njira yachidule ndi kulemba takeown /F D:\Ofesi /R /A /D Y mu Command Prompt yotsegulidwa ngati administrator; pa D:\Ofesi mulembepo pomwe pali foda yanu. Umwini pawokha sutsegula mafayilo, muyenerabe kuika zilolezo. Magulu apatseni Modify basi, chilolezo chowerenga, kusintha ndi kufufuta mafayilo. Full control musapatse wantchito wamba aliyense, imamulola kulanda umwini ndi kutsekera anzake kunja.

Pa foda ya malipiro dinani Disable inheritance kuti isatengere zilolezo za foda yaikulu, muchotse Onse, musiye Zachuma. Zilolezo za pa Sharing zikasiyana ndi za pa Security, zopanikiza kwambiri ndi zomwe zimagwira ntchito. Yesani ndi akawunti ya munthu amene sali mu Zachuma, monga mlembi, muone ngati foda ya malipiro ikukana kutseguka. Gulaninso UPS, batire losunga kompyuta ili yoyaka magetsi akathima, chifukwa magetsi a ESCOM akazima fayilo ili mkati mosungidwa imatha kuwonongeka.