Mkodzo wa ng'ombe si wotaya

Ndikamayendera makola a ng'ombe za mkaka ku Mpemba, ku Lunzu ndi ku Chileka, pali chinthu chimene chimandiwawa mumtima. Ng'ombe yasamalidwa bwino, nsenjere yadulidwa, madeya alipo, mkaka wapita kale kugulu la alimi a mkaka m'mamawa. Koma kuseri kwa khola mkodzo ukungoyenderera kutsikira kunjira, ndowe zaunjikidwa pamtetete, dzuwa likuziwamba. Mu Novembala mlimi yemweyu adzakhala akulira ndi mtengo wa feteleza.

Alimi anzanga, chimene ng'ombe imadya sichisanduka mkaka chonse. Michere yambiri imatuluka, ndipo nayitrojeni wosachedwa kugwira ntchito pamodzi ndi potaziyamu amatulukira kwambiri mumkodzo. Fungo lija limalasa m'mphuno mukalowa m'khola m'mawa ndi nayitrojeni akuuluka, yemwe uja mumakagula m'thumba la Urea.

Ngati pansi pa khola pali simenti, pakhale potsetsereka pang'ono, ndi kangalande kolowera m'dzenje kapena m'chigubu chovundikira. Ngati simenti mulibe, yalani mapesi oduladula, udzu wouma kapena makoko a nandolo kuti zimwe mkodzowo. Zikanyowa chotsani msanga, chifukwa ng'ombe yogona pachinyontho sichedwa kudwala matenda a bere.

Zoyalazo ndi ndowe muziunjike pamthunzi, kutali ndi chitsime ndi pokamira mkaka. Yambani ndi mapesi, pamwamba ndowe, kenako masamba aawisi, n'kubwerezanso mpaka mulu ufike mita imodzi. Masamba a gliricidia ndi abwino kwambiri. Ndi mtengo umene ofufuza a ku Makoka ku Zomba adayamba kuubzala pamodzi ndi chimanga m'zaka za m'ma 1990, ndipo adauona kuti umabwezera chonde m'nthaka. Wazani mkodzo uja pamene mukuunjika. Mukafinya m'dzanja zizimveka chinyezi koma madzi asadonthe. Phimbani ndi masamba a nthochi, muzike ndodo pakati. Pakapita masiku angapo zulani ndodoyo muigwire: ikatentha, zinthu zili bwino, ndipo kutenthako ndiko kumapha njere za udzu. Ikakhala yozizira ndiye kuti mulu wauma kapena mwachulutsa madzi. Tembenuzani pakatha milungu iwiri kapena itatu iliyonse. Pa miyezi iwiri kapena itatu manyowa amapsa, amada, amafumbutuka, fungo la ndowe limatha. N'chifukwa chake ndimaumiriza kuti ntchitoyi iyambe mu Julaye kapena Ogasiti, osati mitambo itayamba kale kuda kuphiri la Michiru.

Minda yathu kuno ndi yaing'ono, koma ngakhale choncho manyowa a ng'ombe imodzi sakwana kumwaza munda wonse. Thirani m'mapando, manja awiri odzadza pa phando, mukwirire tsiku lomwelo, kutatsala milungu iwiri kuti mubzale. Ndowe zaziwisi musaike, zimawotcha mbewu.

Sindikunamizani kuti chaka choyamba chimanga chidzafanana ndi cha feteleza wokwanira. Manyowa amatulutsa michere pang'onopang'ono. Chimene mudzayambe kuona ndi chakuti mvula ikadula mu Januwale chimanga chanu chidzachedwa kufota, ndipo zaka zikamapita kaufiti adzayamba kuchepa.

Mkodzo wotsala m'chigubu usungunuleni ndi madzi ambiri, muthire m'munsi mwa nsenjere mukangoidula, makamaka madzulo kapena nthaka ikadali yonyowa.